Kwadi ya a malume yadya mabatire awiri, lachitatu ndakaniza

Loweruka, sabata yoyamba ya June

Kwadi yafika pakhomo pano ku Chibavi, mu Mzuzu, itakwera lole, pamodzi ndi mikoko ya nthochi itatu imene a malume akuti ndi malipiro anga. Kwa amene simunayionepo, ndi njinga yamoto ya matayala anayi. Ku munda kwawo, cha ku msewu wa ku Choma, imakoka kangolo ka manyowa, zigubu za madzi ndi mbewu m'tinjira timene galimoto singayerekeze mvula ikagwa. Uthenga wawo unali waufupi: "Mphwanga, batire lafanso. Gula lina, ndalama ndikutumizira." Limeneli likanakhala lachinayi, chifukwa awiri anafa kale ndipo ali m'shedi kwawo, lachitatu ndi limene lili m'kwadimu. Ndawauza kuti ndalamazo ayambe asunga kaye.

Ndatembenuza kiyi, kanyali kobiriwira ka nyutulo kayaka mofooka. Ndadina batani la sitata, tcha-tcha-tcha basi, kanyali n'kuzimiratu. Ndachotsa mpando, ndaika mita yoyezera magetsi pa mitu ya batire: mavolti 11.8. Batire lotere lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chimapereka mavolti pafupifupi 2.1, choncho lodzaza limaonetsa 12.6 kapena kupitirirako pang'ono. Pa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Pa 11.8 mulibemo kanthu. Koma batire lopanda moto si lakufa ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera.

Mitu yonse iwiri inali itachita tuwii ndi ufa woyera wosakanikira ndi wobiriwira. Ndamasula waya wakuda poyamba, wofiira pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la kwadi ndi lolumikizana ndi mutu wa minus, ndiye ukayamba ndi wofiira, sipanala n'kukhudza chitsulo, imathetheka moto mpaka kukuwotcha chala. Ndatsuka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wa ndiwo, yemwe uja amathira m'therere, n'kupala ndi sandipepa mpaka mtovu utaoneka.

Lamlungu mpaka Lachiwiri

Kutchaja. Mlamu wanga anafuna tilitengere kumsika kwa anyamata otchaja mabatire, kuti pofika madzulo likhale latheka. Ndakana. Makina awo ndi a mabatire a galimoto ndi a sola, ndipo nthawi zambiri amalumikiza angapo pa waya mmodzi. Lathuli ndi la 12 Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga), lotsekeratu, losathira madzi. Lamulo lake potchaja ndi gawo limodzi mwa khumi la nambala imeneyo: ma ampu 1.2 kapena pafupi pamenepo, maola 5 mpaka 10 kapena kuposera apo ngati linaphweratu. Ukalikankhira ma ampu 10 limatentha, madzi a m'kati amatuluka ngati mpweya, ndipo poti ndi lotseka sungawabwezeremo.

Tchaja yanga yaing'ono imapereka ampu imodzi. Magetsi anathima Lamlungu masana onse, anabwera usiku, Lolemba anathimanso, choncho ntchito ya usiku umodzi yatenga masiku awiri. Ndinaliika pakhonde, osati m'nyumba, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, ndipo kuzizira kwa Mzuzu mwezi uno mbaula sichoka pabalaza.

Nditangochotsa tchaja, mita inaonetsa 13.1. Nambala imeneyo ndi yabodza, ndi moto wapamwamba chabe. Ndinalisiya ligone usiku wonse. Lachiwiri m'mawa, chifunga chili tolo, linali pa 12.7. Ndinalibwezera m'kwadi, wofiira poyamba, wakuda pomaliza, mlamu n'kudina sitata ine maso ali pa mita. Inatsika kufika 10.4 n'kubwerera, injini n'kulira. Likanatsika pansi pa 9.6 ndikanavomereza kuti a malume amanena zoona. Batire ndi lamoyo. Tsono amene amalimana chakudya ndani?

Chinthu chimodzi ndinachiona pomwepo: sitata imazungulira mwaulesi kusiyana ndi momwe batire lodzaza liyenera kuithamangitsira. Ndinaika nsonga imodzi ya mita pa mutu wa minus, ina pa chitsulo cha injini, n'kulizanso. Inaonetsa 0.6. Pamenepo payenera kutayika 0.2 kapena kucheperapo. Bawuti yomangira waya wa earth, wolumikiza minus ndi thupi la kwadi, inali ndi dzimbiri komanso matope ouma. Nditapala n'kumanga bwino inatsika kufika 0.2. Ntchito ya mphindi khumi.

Lachitatu

Lero ndiye tsiku lenileni.

Injini ili kulira payokha, mita pa batire: 12.5. Ndakankha moto ndi chala chachikulu mpaka pakatikati: 12.9, osapitirira. Ndayatsa nyali: 12.3, n'kumatsikabe pang'onopang'ono. Makina abwino amafika pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikathamanga. Apa ndiye kuti kwadi imadya zambiri kuposa zimene imabweza. Tsiku lililonse ku munda batire limabwera kunyumba lili ndi ngongole.

Mlamu anali ndi nzeru ziwiri, zonse ndazikana. Yoyamba, kuchotsa waya wa batire injini ikulira kuti tione ngati izime. Anthu amachitadi zimenezi, koma batire ndi limene limameza moto wowonjezera. Ukalichotsa, moto umalumpha n'kukawotcha regulator kapena kabokosi ka CDI kopereka moto woyatsira petulo mu injini, ukhala wawonjezera maliro ena. Yachiwiri, kukagula regulator yatsopano lero lomwe. Imeneyi ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa nanenso mtima unali komweko. Koma njira ya moto ili ndi malo atatu: umapangidwa mu stator, m'kati mwa injini momwe maginito a pa flywheel amazungulira makoyilo, umatuluka pa mawaya atatu achikasu uli AC, moto wosinthasintha mbali, regulator imausandutsa DC, woyenda mbali imodzi umene batire limalandira, n'kuudula kuti usapyole malire, kenako ukalowa m'batire kudzera pa fyuzi yaikulu. Kugula chapakati usanaone choyamba ndi kuwombeza chabe.

Ndatsata mawaya achikasu kuchokera pa injini mpaka pa pulagi yoyera ili pansi pa pulasitiki, pafupi ndi tayala lakumbuyo. Kuti ndiizule inakana. Nditalimbana nayo ndi sikuludiraiva inalekana, fungo la pulasitiki yopserera n'kundimenya m'mphuno. Mwa mano atatu aja, limodzi linali bii, pulasitiki yozungulira itasungunuka, waya wake utangotsala ndi timitsitsi tiwiri. Ena awiri anali obiriwira ndi dzimbiri. M'kati mwa pulagi munali dothi lofiira louma.

Nkhani yake siyovuta kuilondola. Kuno mvula imachedwa kusiya, imafika mu April mpaka May, mawawa osatha. Kwadi imawoloka kakhwawa kawiri pa tsiku, ndipo mnyamata wa ku munda amaitsuka pothira ndowa zathunthu. Madzi akalowa m'pulagi, mkuwa umachita dzimbiri; dzimbiri limapanikiza moto; moto wopanikizika umatentha; kutentha kumafewetsa dzino kuti lisagwire zolimba, ndiye kutentha kumawonjezekanso. Mapeto ake waya mmodzi mwa atatu analeka kugwira ntchito. Awiri otsalawo amapereka kamoto kokwanira kunamiza munthu kuti zinthu zili bwino, koma kosakwanira kudzaza batire.

Sindinaimire pomwepo, chifukwa pulagi yopsa nthawi zina imapsa ndi stator yomwe. Ndaika mita pa ma ohm, muyezo wa momwe waya amapanikizira moto. Poyamba ndagunditsa nsonga zake ziwiri kuti ndidziwe zimene mawaya a mita amadya okha: 0.3. Kenako mawaya achikasu awiriawiri, katatu: 0.7, 0.7, 0.8. Kuchotsapo 0.3 kuja, zonse zili pafupi ndi 0.4, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti zikufanana. Waya wachikasu uliwonse ndi chitsulo cha injini: mita ili zii, palibe kulumikizana, momwe ziyenera kukhalira. Ukapeza kulumikizana pamenepo ndiye kuti koyilo inapsa ndipo ikukhudza thupi.

Chomaliza, mita pa AC, pulagi ili yozula, injini ikulira. Payokha 19, 20, 19. Nditawonjezera moto zonse zitatu zinakwera kupyola 50. Apa pamafunika kusamala zala, mavolti 50 amaluma. Stator ilibe mlandu, ndipo ndapuma, chifukwa kuisintha kumafuna kukhetsa oyilo, kutsegula chivindikiro cha injini, ndiye kuipeza kumene mwina n'kuitanitsa ku Lilongwe kapena kunja.

Lachinayi

Regulator ndaimasula n'kuitengera patebulo. M'kati mwake muli ma diode asanu ndi limodzi, timageti tolola moto kudutsa mbali imodzi yokha. Mita pa chizindikiro cha diode: nsonga yakuda pa waya wofiira wa regulator, yofiira pa chikasu chilichonse, zonse zitatu zaonetsa pafupifupi 0.5. Kutembenuza nsonga, zii. Kenako nsonga yofiira pa waya wa earth, yakuda pa achikasu, 0.5 katatu, kutembenuza zii. Zonse zili bwino. Mayeso amenewa amangoona mbali yosandutsa moto. Mbali yodula moto imaoneka pokhapokha injini ikulira, ndiye ndidikira.

Masana ndinatsikira m'tauni kwa madala ena a mawaya a galimoto amene amakhala kuseri kwa mashopu a hardware pafupi ndi depoti. Ndinawaonetsa pulagi ija. Anaitembenuza kawiri, n'kuseka. "Achimwene, imeneyi musasakenso. Dulani, muwotcherere, muiwale." Ndinawafunsa ngati mawaya achikasu ali ndi dongosolo lake. "Atatu onsewo ndi ana a mayi mmodzi, aliyense akhoza kulowa paliponse." N'zoona, pa stator ya mawaya atatu achikasu zilibe kanthu kuti uyu wakumana ndi uti. Anandigulitsa timapaipi takuda tonyala ndi moto tija, n'kundichenjeza kuti ndisangopota mawaya n'kukulunga tepi, chifukwa popota pamakhala chimodzimodzi ndi pulagi yowola ija, ndipo tepi imamatuka ikamva kutentha.

Kuwotcherera kuli ndi kuipa kwake: tsiku lofuna kuchotsa regulator udzadula mawaya. Ndasiya utali wokwanira kudula kawiri. Ndasenda mpaka ndapeza mkuwa wowala, womwe pa waya wopsa uja unali patali ndithu, pafupifupi utali wa chala. Ndawotcherera, ndatseka aliyense payekha, ndamanga mtolowo m'mwamba kutali ndi kumene tayala limamwaza matope. Kumbuyo kwa regulator ndi pamene imakhala ndapalanso, popeza imataya kutentha kudzera m'zipsepse zake ndi m'chitsulo chimene yagonapo, ndipo zipsepsezo zinali zitatsekeka ndi dothi.

Ndaliza. Payokha 13.2. Ndawonjezera moto: 14.2, n'kuima pomwepo ngakhale ndikankhe bwanji. Nyali zoyaka: 13.9. Ikanapyola 15 ndikanadziwa kuti regulator sikudula, ndipo batire likanaphikidwa. Ndaimbira a malume kuti ntchito yatha, atumize lole.

Lachisanu mpaka Lachiwiri

Lole sinabwere, inapita ku Nkhata Bay. Kwadi yangokhala pansi pa mpapaya itafundidwa lona. Sindinaikhudze.

Lachitatu

Ndachita manyazi. Ndinangoti ndiyeze komaliza lole isanafike, ndikuyembekeza 12.6. Mita yati 12.3. Masiku asanu, kiyi ali m'thumba mwanga. Batire labwino limataya moto palokha, inde, koma pang'ono kwambiri, osati chonchi. Kuzizira kumalifooketsa polizitsa injini m'mawa, koma sikulikhuthula. Pali china chikuyamwa.

Kiyi wozimitsa, ndamasula waya wakuda, mita ndaiika pakati: nsonga imodzi pa mutu wa minus, ina pa waya womasula uja, kuti moto wonse udutse m'mita. Ndayambira pa bowo la 10A kuopa kupsereza fyuzi ya mita, kenako ndatsikira pa mA, timagawo ta ampu (1,000 mA ndi ampu imodzi). Mlamu ndamuuza aike manja m'thumba, chifukwa kudina sitata mita ili chonchi ndiye kuti mita yapita. Yaonetsa 40 mA. Kwadi ya kabureta ngati iyi, yopanda kompyuta, siyenera kufika ngakhale 1 mA.

Nambalayo imaoneka yaing'ono mpaka utaiwerengera. 40 mA kwa maola 24 ndi pafupifupi 1 Ah pa tsiku. Masiku asanu, 5 Ah. Batire ndi la 12 Ah. Sabata ziwiri zisanakwane lauma. Ndipo miyezi ino kwadi imatha kukhala sabata yathunthu osayenda.

Ndayamba kuzula mafyuzi, imodziimodzi, maso pa mita. Nyali, 40. Ya fani, 40. Yaikulu imene, 40. Apa ndinakhala pansi pa njerwa kaye. Ngati fyuzi yaikulu yazulidwa ndipo moto ukutulukabe, ndiye kuti wakubayo sadzera pachipata. Ndayang'ananso mutu wa plus. Pansi pa waya waukulu panali kawaya kofiira kowonda, kamene Loweruka lija ndinakatsuka ndi manja angawa n'kukabwezera osafunsa kuti kakupita kuti. Ndakatsata pansi pa thanki mpaka kutsogolo. Kanathera pa kasoketi kotchajira foni, kokhala ndi timanambala tabuluu toonetsa mavolti, kobisika pansi pa chiguduli chimene anakulunga pa handulo kuti mvula isalowe. Timanambalato timayaka usana ndi usiku. Ndadula kawayako: mita yagwa kufika pa 0.3 mA.

Ndaimbira mnyamata wa ku munda. Sanabise. "Bwana, ndinaikitsa chaka chatha, kuno kulibe magetsi, foni ndimatchajira pomwepo." Ndinamufunsa ngati amatchaja injini ili chozima. "Usiku, bwana, ndi ya mayi akunyumba yomwe." Sindinakalipe. Munthu ali kutchire, a malume amafuna azimupeza pa foni nthawi iliyonse, ndiye atchajire kuti? Koma mafoni awiri usiku uliwonse pa kabatire ka 12 Ah, kamenenso masana sikamadzazidwa, ndi zimene zinapha awiri aja. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti kawayako kanalibe fyuzi, ndipo kamadutsa pansi pa thanki ya petulo, pena katayamba kale kukhulika pa chitsulo.

Soketi sindinaitaye. Ndaichotsa pa batire n'kuilumikiza ku waya amene amakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, ndaikapo fyuzi ya 5A, waya ndadutsitsa njira ina. Azitchaja akuyenda. Za usiku ndauza a malume kuti agule kasola kakang'ono ka nyali ndi foni, n'kotsika mtengo kuposa batire limene amafuna kugula lija. Anangoti "Hmm," zomwe kwa iwo ndi kuvomera.

Lachinayi

Lole yabweretsa mabatire awiri akale aja, ndinawaitanitsa kuti ndione ngati pali lopulumuka. Loyamba nditalitchaja usiku wonse laima pa 10.5, osasuntha. Kuchotsa 2.1 pa 12.6 ndi 10.5 ndendende: chipinda chimodzi chinachita shoti, palibe mankhwala. Chivindikiro chake chinali chotopola ndi mpeni, ndipo mnyamata uja wavomera kuti anathiramo madzi a pa mjigo ataona kuti lafooka. Batire lotseka salitsegula. Ngakhale la zotsekera zomasula lija amathira madzi a batire okha ogula m'botolo, osati a pa mjigo, osatinso asidi, chifukwa chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo.

Lachiwiri ndi lachinyengo. Ladzaza msanga, ola limodzi lokha, n'kuonetsa 12.6 ngati labwino. Ndaliika m'kwadi, kudina sitata, lagwa kufika 6. Limeneli linakhala nthawi yaitali lopanda moto, mbale za mtovu za m'kati zinakutidwa ndi mchere wolimba umene tchaja singausungunulenso, ndiye malo osungira moto anatsala ochepa ngati kapu m'malo mwa ndowa. Batire la mtovu silifa ndi ntchito kwenikweni, limafa ndi kugona ndi njala. N'chifukwa chake nambala ya batire longokhala siikwanira. Uyenera kuliona likugwira ntchito.

Onse awiri ndawaika m'katoni, apita kwa ogula mabatire akale. Ndawachotsa msanga pakhomo chifukwa ana anayamba kale kufunsa ngati angawaswe atenge mtovu. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo asidi wake amadya nsalu ndi khungu lomwe.

Loweruka

Batire ndalidzazanso mpaka 12.7, mitu ndapaka girisi pang'ono nditamanga kale, osati ndisanamange. Lamba wa labala wogwira batire anali ataduka, batire limangodumphadumpha m'bokosi mwake pa mabampu; ndadula chubu chakale cha njinga n'kulimanga nacho. Ndayenda nayo kuseri kuno maulendo angapo nyali zoyaka, ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo. Pobwera ndagwira pamene ndinawotcherera paja: pofunda chabe. Regulator ndi yotentha koma dzanja likupirira.

Pansi pa mpando ndamata kapepala kokutira pulasitiki, kolemba ndi dzanja, ka mnyamata wa ku munda. Kakuti asasiye injini ikungolira payokha nyali zili chiyakire, chifukwa pa moto wochepa stator imapereka zochepa. Ikakana kulira katatu asiye kudina, akoke chingwe. Potsuka asathire madzi pansi pa mpando. Ikati ikhale sabata yoposa imodzi amasule waya wakuda. Ndipo akafuna kuibwereka moto ku galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima.

Chimene sindinathe ndi ichi: pa 10.4 paja batire lachitatuli lapambana, koma lakhala likuphwa ndi kudzazidwa mwatheka miyezi ingapo, ndiye mphamvu zake zina zinapita. July ndi wozizira ngati June yemweyu, m'mawa oyilo amalimba, ndipo pamenepo ndi pamene lidzaonetse chimene latsala nacho. Mita yanga yakale yachikasu ija ndaikweza pa lole limodzi ndi kwadi, nditamuonetsa mnyamatayo poloza kasinthidwe ndi poika nsonga. Lolemba lililonse m'mawa, asanalize, azinditumizira nambala pa WhatsApp. Ikatsika pansi pa 12.4 ndikwera njinga ya kabaza kukaona. Fani ya radiator nayo ikulira mokhukhuza, koma imeneyo ndi ya ulendo wina, nthochi za ulendo uno zatha.